Pulogalamu yanga ikungolemba Killed n'kuima: ndiyeza bwanji CPU ndi RAM zomwe ikudya?

mlimi_wa_data
Moni nonse abale. Ndinalemba script ya Python yomwe imawerenga mafayilo a Excel ochokera m'makalabu a alimi a kopaletivi ina, n'kuwerengetsera ngongole za feteleza ndi kutulutsa lipoti la mwezi. Pa laputopu yanga imatha bwinobwino. Koma ndikaiyendetsa pa seva yathu, yomwe ndi VPS (seva yobwereka pa intaneti) ya Ubuntu yokhala ndi RAM ya 2 GB ndi ma core awiri, imayenda kwa mphindi zingapo kenako imangolemba Killed n'kuima. Error ya Python palibe.

Ndatsegula top kuti ndione zomwe zikuchitika, koma manambala ake andisokoneza. Pa VIRT pakuoneka 3.4g, pa RES nambala ikusinthasintha, ndipo %CPU nthawi zina ikufika 160. Seva ya 2 GB ingapereke bwanji 3.4 GB? Nanga CPU ingapitirire bwanji 100? Abwana akufuna ndiwauze ngati tigule seva yaikulu kapena ayi, ndipo sindikufuna kuwayankha mongoganizira. Ndithandizeni njira yoyezera molondola nthawi ya CPU ndi memory zomwe pulogalamu ikudya pamene ikuyenda.

NyasaRoot
Killed wopanda error ya Python nthawi zambiri ndi kernel, mtima wa Linux umene umagawa RAM ndi CPU, yomwe yapha pulogalamu chifukwa RAM yatha. Musanachite china chilichonse, pulogalamu ikangofa lembani `echo $?` ndipo mukaona 137 ndiye kuti yaphedwa ndi signal 9, poti 128 kuphatikiza 9 ndi 137. Kenako lembani `sudo dmesg -T | grep -i "out of memory"` mutiuze zomwe zatuluka.

mlimi_wa_data
Zikomo achimwene. Yatuluka 137, ndipo mu dmesg muli mzere wa Out of memory: Killed process, pali dzina la python3 ndi anon-rss ya pafupifupi 1.7 GB.

Tsabola_Dev
Basi nkhani yatha. Auzeni abwana agule ya 4 GB, nthawi yanu ndi yodula kuposa RAM.

Mai_Terminal
A Tsabola, nkhani sinathe. Ngati pulogalamuyi imakula molingana ndi kuchuluka kwa mafayilo, 4 GB nayonso idzatha makalabu akachuluka, ndipo achimwenewa adzabweranso ndi funso lomweli. Afunsa za kuyeza, tiwayankhe za kuyeza.

Ndiyambe ndi VIRT poti ndi imene imaopseza anthu ambiri. VIRT ndi malo onse amene pulogalamu yapempha kwa kernel: ma library omwe yalumikiza, mafayilo omwe yawatsegula kudzera pa mmap, ndiponso malo omwe yangosungitsa koma sinawakhudze. Zili ngati munda umene amfumu akupatsani. Akhoza kukulozerani maekala khumi, inu n'kulima awiri okha, ndipo feteleza mumagula wa awiriwo. RES, yomwe ps imaitcha RSS, ndiye gawo lolimidwalo, kutanthauza masamba a memory amene alidi mu RAM pa nthawi imeneyo. Linux sipereka tsamba lenileni mpaka pulogalamu italikhudza koyamba, choncho VIRT ya 3.4 GB pa seva ya 2 GB si yodabwitsa. Pulogalamu ya ma thread ambiri imakweza VIRT mosavuta, chifukwa thread iliyonse imasungitsa stack yakeyake, kawirikawiri ya 8 MB, ndipo pa makina a 64-bit glibc imasungitsanso 64 MB pa arena iliyonse yatsopano ya malloc. Zambiri mwa zimenezo sizigwiritsidwa ntchito n'komwe. Inu yang'anani RES.

Za CPU, mu top 100 ikutanthauza core imodzi yodzaza. Seva yanu ili ndi awiri, ndiye malire ndi 200, ndipo 160 ikunena kuti pa kamphindi kameneko pulogalamu inali pa ma core onse awiri. Mukadina Shift ndi I, top imagawa nambalayo ndi chiwerengero cha ma core ndipo mudzaona 80.

kamnyamata_ka_Zomba
Pepani mayi, ndifunseko. Kusukulu anatiuza kuti Python ili ndi GIL, ndiye thread imodzi yokha ndiyo imayenda pa nthawi imodzi. Nanga 160 yachokera kuti?

NyasaRoot
Anakuuzani zoona, koma GIL imatseka code ya Python yeniyeniyo basi. Ma library olembedwa mu C amatha kuimasula akamagwira ntchito yolemera. NumPy, mwachitsanzo, kawirikawiri imabwera ndi OpenBLAS yomwe imatsegula ma thread akeake pochulukitsa manambala ambiri. Mukafuna kuona thread iliyonse payokha lembani `top -H -p` kenako PID ya pulogalamuyo, nambala yake yomwe top imaonetsa pa mzati woyamba.

gogo_unix
Ana anga, top ndi yabwino poyang'ana zomwe zikuchitika panopa, koma simungapite nayo kwa abwana, poti nambala yake imasintha masekondi atatu aliwonse. Chomwe mukufuna ndi nambala ya ulendo wonse wa pulogalamu, kuyambira pomwe yayamba mpaka pomwe yathera. Lembani chonchi:

`/usr/bin/time -v python3 lipoti.py`

Lembani njira yonseyo, /usr/bin/time, osati time yokha. Mukalemba time yokha mu bash mumapeza ina yamkati mwa shell, yomwe imangotulutsa real, user ndi sys, ndipo sidziwa -v. Ya GNU ikapanda kupezeka, `sudo apt install time` ikubweretserani.

Pa zomwe zitatuluke, werengani mizere inayi. Elapsed ndi nthawi ya pa wotchi yapakhoma, yomwe inu mwadikira. User time ndi masekondi amene CPU yathera pa code ya pulogalamu yanu ndi ma library ake. System time ndi masekondi amene kernel yathera pogwira ntchito m'malo mwa pulogalamuyo, monga kuwerenga mafayilo ndi kupereka masamba a memory. Wachinayi ndi Maximum resident set size, mu ma kilobyte, ndipo imeneyi ndi RES yaikulu koposa imene pulogalamu inafikapo. Nambala imeneyi ndiyo yoyerekeza ndi RAM ya seva.

Nzeru ili pa kuyerekeza zitatu zoyambazo. User ndi system mukaziphatikiza n'kupeza kuti zayandikira elapsed, pulogalamu inatanganidwa pa core imodzi nthawi yonse. Zikaposa elapsed, inagwiritsa ntchito ma core angapo. Zikachepa kwambiri, mwachitsanzo elapsed mphindi 10 koma user ndi system mphindi imodzi, ndiye kuti mphindi 9 pulogalamu inangokhala n'kumadikira disiki, database kapena netiweki. Pamenepo kugula purosesa yamphamvu ndi kutaya ndalama.

Yendetsani pa laputopu pomwe imatha, chifukwa pa seva imafa isanafike pachimake, ndiye nambala ya pa seva ingokuuzani pomwe inafera, osati zomwe imafunadi.

mlimi_wa_data
Agogo zikomo kwambiri. Pa laputopu zatuluka izi: elapsed 6:12, user 301 masekondi, system 15, ndipo maximum resident set size ndi 2361000 kbytes. Ngati ndawerengetsa bwino ndi pafupifupi 2.25 GB.

Tsabola_Dev
Mwaona? 2.25 GB singalowe mu 2 GB. Ndinanena kale.

Mai_Terminal
Singalowe, inde. Koma funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani lipoti la ngongole likufuna 2.25 GB. A mlimi, mafayilo onse pamodzi ndi aakulu bwanji pa disiki?

mlimi_wa_data
Onse pamodzi ndi 140 MB basi, mayi.

wa_ku_Joni
Ine ndikugwirizana ndi a Tsabola pang'ono, koma njira yanga ndi ina. Ikani swap, malo a pa disiki omwe kernel imasungirako memory RAM ikadzaza. Ma VPS ambiri amabwera opanda swap, ndiye RAM ikangotha kernel imapha nthawi yomweyo. `fallocate` fayilo ya 2 GB, `chmod 600`, `mkswap`, `swapon`, mwatha. Lipoti la kamodzi pamwezi likhoza kuchedwako pang'ono, palibe amene angadandaule. Kuno ku Johannesburg komwe ndimagwira, ma seva ang'onoang'ono onse timawaikira.

NyasaRoot
Swap ndi yabwino kukhala nayo, sindikukana. Koma mukaiika muyezenso. Tsegulani `vmstat 2` pulogalamu ikuyenda muyang'ane si ndi so, zomwe ndi memory yolowa ndi yotuluka mu swap. Zikangokwera kamodzi n'kutsika, palibe vuto. Zikamakhala pamwamba nthawi yonse, seva ikungosuntha masamba pakati pa RAM ndi disiki, ndipo ngati pa seva yomweyo pali website kapena database, anthu onse adzamva kuchedwako. Chinanso, RES siwerengera zomwe zapita ku swap, ndiye pulogalamu imaoneka ngati yachepa pomwe sinachepe. Muyang'ane VmSwap mu /proc/PID/status.

ndirande_admin
Nkhani ya kungogula seva yaikuluyi anthu amaitenga mopepuka. VPS timalipira m'madola. Kuchokera pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu yomweyo ya madola ikudya ma kwacha ochuluka kwambiri, ndipo kupeza madolawo kuti khadi idutse ndi nkhondo ina. Kopaletivi ya alimi kuiuza kuti iwonjezere bilu mwezi uliwonse chifukwa cha lipoti lomwe limayenda mphindi 6 pamwezi, ine sindingavomere.

Tsabola_Dev
Nanga malipiro a munthu amene akhale sabata yonse akukonza code si ndalama?

ndirande_admin
Ndi ndalama, koma zolipira kamodzi.

aKumpoto
Inu mukukamba za madola, ife kuno ku Mzuzu tinangoika kompyuta yakale mu ofesi n'kuisandutsa seva. RAM tinagula ya kaunjika, 8 GB. Vuto ndi magetsi basi. Akathima masana, inverter imatisunga maola ochepa, kenako zonse zimazima.

wa_ku_Joni
Load shedding inatiphunzitsa zomwezo kunonso. Batire ya lithium ndi sola, palibe njira ina.

aKumpoto
Lithium mtengo wake ndi wowawa, achimwene. Ife tikadali pa mabatire a gel, ndipo sakhalitsa.

gogo_unix
Za mabatire mutsegulire mutu wake, koma nkhani ya magetsiyi ikukhudzanso kuyeza, ndiye ndiitengerepo mwayi. Laputopu ikakhala pa batire imatsitsa liwiro la purosesa kuti isunge moto. Ikatentha kwambiri imatsitsanso kuti isapse, ndipo amene munagwirapo ntchito ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala mukudziwa mmene fani imalirira. Nthawi ya CPU imawerengedwa m'masekondi, osati kuchuluka kwa ntchito, choncho code yomweyo ikhoza kutenga masekondi 300 makina ali pa chaja n'kutenga ochuluka ali pa batire. Mukamayerekeza code yakale ndi yatsopano, yezani zonse pa makina amodzi, ali pa chaja, ndipo mubwereze kangapo. Ulendo woyamba umachedwa chifukwa mafayilo amachokera pa disiki, pomwe wachiwiri amakhala ali kale mu cache.

Pa VPS pali chinanso. Pamwamba pa top, kumapeto kwa mzere wa CPU, pali st. Imeneyi ndi nthawi imene makina anu anafuna purosesa koma mwini seva yeniyeni anaipereka kwa makasitomala ena. Ikakwera, pulogalamu yanu imachedwa popanda cholakwa chake.

mphunzitsi_ICT
Ndikutsatira mwachidwi. Ife kusukulu makompyuta onse ndi a Windows. Ophunzira anga akandifunsa funso lomweli ndiwaonetsa chiyani? Mu Task Manager pulogalamu yomwe ndikudziwa kuti yatanganidwa kwambiri imangoonetsa 12 kapena 13 peresenti.

Mai_Terminal
Aphunzitsi, Task Manager imawerengera mosiyana ndi top. Kwa iyo 100 ndi makina onse. Ngati kompyuta ili ndi ma logical processor 8, pulogalamu ya thread imodzi yomwe yadzaza imodzi mwa izo imaoneka pafupifupi 12.5 peresenti. Ndiye 13 yanuyo ikutanthauza kuti pulogalamu yafika pa malire ake, ngakhale ikuoneka yaing'ono.

Pitani pa tsamba la Details, dinani kumanja pa mitu ya mizati, musankhe Select columns. Mmenemo muli CPU time, Peak working set ndi Commit size. Working set ndi mnzake wa RES, ndipo peak yake ndi yomwe agogo aja amaitcha maximum resident set size. Mu PowerShell, `Get-Process` imaonetsa masekondi a CPU ndi working set pa process iliyonse. Mukafuna zakuya, Process Explorer ya Sysinternals ndi yaulere. Anailemba Mark Russinovich, ndipo kampani yawo inagulidwa ndi Microsoft mu 2006.

mphunzitsi_ICT
Zikomo mayi, izi ndiziyesa Lolemba ndi a Fomu 4.

chitedze
Ndibwerere ku funso loyamba, poti pali mbali yomwe sinayankhidwe. /usr/bin/time imafuna kuti muyambitse pulogalamu kudzera mwa iyo ndipo imayankha pulogalamu ikatha. Nanga pulogalamu yomwe ikuyenda kale ndipo simungaiimitse? Ine ndimayang'anira seva ya DHIS2, dongosolo la malipoti a zaumoyo, ndipo Tomcat, pulogalamu ya Java yomwe imaliyendetsa, singazimitsidwe masana anthu akulowetsa malipoti.

NyasaRoot
Pamenepo pitani ku /proc, komwe top ndi ps nazonso zimatenga manambala awo. `grep Vm /proc/PID/status` ikupatsani VmSize yomwe ndi VIRT, VmRSS yomwe ndi RES ya panopa, ndi VmHWM yomwe ndi RES yaikulu koposa chiyambireni process imeneyo. VmHWM ndi yofunika chifukwa memory ikhoza kukwera kwa masekondi awiri n'kutsika, ndipo chida chomwe chimayang'ana masekondi 5 aliwonse chikhoza kuphonya.

Nthawi ya CPU ili mu /proc/PID/stat, gawo la 14 ndi utime ndipo la 15 ndi stime. Sizili m'masekondi koma mu ma tick, ndipo `getconf CLK_TCK` ikuuzani kuti ndi angati pa sekondi, pafupifupi nthawi zonse 100. Peresenti mumaipeza powerenga kawiri. Tinene kuti mwawerenga, mwadikira masekondi 5, mwawerenganso, ndipo kusiyana kwa utime ndi stime pamodzi ndi ma tick 400. Amenewo ndi masekondi 4 a CPU pa masekondi 5 a wotchi, kutanthauza 80 peresenti ya core imodzi. Peresenti ya CPU nthawi zonse ndi ya mpata wina wa nthawi, ndiye mukaona nambala muzifunsa kuti mpatawo ndi wautali bwanji.

N'chifukwa chake musamadalire %CPU ya `ps aux` pa pulogalamu yokhalitsa. ps imatenga nthawi yonse ya CPU n'kugawa ndi nthawi yonse imene process yakhala ndi moyo. Tomcat yomwe yakhala milungu itatu ikhoza kuonetsa 4 peresenti mu ps pomwe panopa ikudya ma core onse.

Ngati simukufuna kuwerengetsera nokha, ikani sysstat mulembe `pidstat -u -r -p PID 5` ndipo izilemba mzere masekondi 5 aliwonse. Tumizani ku fayilo, musiye tsiku lonse, madzulo muone nthawi yomwe inakwera.

chitedze
Zikomo. Chomwe chimandivuta n'chakuti tinaika -Xmx ya 4 GB koma RES ya Java ikuposa pamenepo. Ndiye pa database yathu ya PostgreSQL ndikaphatikiza RES ya ma process ake onse ndikupeza nambala yoposa RAM ya makina onse.

Mai_Terminal
Zonse ziwiri zili ndi chifukwa chake. -Xmx imaika malire a heap yokha, malo omwe Java imasungiramo ma object a pulogalamu. Kunja kwa heap kuli metaspace, code yomwe JIT yapanga, ma stack a ma thread, ma direct buffer, ndi memory ya garbage collector yeniyeniyo. Zonsezo zimalowa mu RES. Mukafuna kuona mkati mwa heap gwiritsani ntchito `jstat -gc PID 5000`, chifukwa top singathe kusiyanitsa heap yodzaza ndi zinthu zamoyo ndi heap yodzaza ndi zinyalala zodikira kuchotsedwa.

Ya PostgreSQL ndi vuto la RES lomwe anthu ambiri salidziwa. RES imawerengera masamba ogawana ngati kuti ndi a process imodzi yokha. PostgreSQL imatsegula process pa connection iliyonse, ndipo onsewo amagwiritsa ntchito shared_buffers imodzi. Process iliyonse ikakhudza masamba amenewo, amalowa mu RES yake. Mukaphatikiza ma process 30, memory yomweyo mwaiwerenga kambirimbiri. Nambala yoyenera kuphatikiza ndi PSS, yomwe imagawa tsamba lililonse logawana ndi chiwerengero cha ma process omwe akuligwiritsa ntchito. Tsamba la 4 KB logawana pakati pa anayi, aliyense amawerengeredwa 1 KB. Mupeza PSS mu /proc/PID/smaps_rollup, yomwe inabwera ndi Linux 4.14 mu 2017, kapena ikani smem yomwe imaonetsa RSS, PSS ndi USS pamodzi. USS ndi memory ya process imeneyo yokha, yomwe ingamasuke mutaipha. Android nayo imadalira PSS, mukalemba `adb shell dumpsys meminfo` ndi dzina la app mudzaiona.

kamnyamata_ka_Zomba
Nanga free -h ikamaonetsa kuti free yatsala 90 MB yokha, ndiye kuti seva ili pafupi kufa?

NyasaRoot
Ayi. Yang'anani available, osati free. Linux imagwiritsa ntchito RAM yongokhala kusungiramo mafayilo omwe yawerenga posachedwa, ndiyo buff/cache imeneyo, ndipo imaibweza pulogalamu ikaifuna. Available ndi chiyerekezo cha kernel cha memory yomwe ingaperekedwe popanda kupita ku swap, ndipo inayamba ndi Linux 3.14 mu 2014. Available ikatsika kufika pafupi ndi ziro, pamenepo ndiye muchite mantha.

mlimi_wa_data
Abale ndaphunzira zambiri, koma ndikadali ndi funso la amayi lija. Mafayilo a 140 MB akusanduka bwanji 2.25 GB? Ndidziwa bwanji mzere wa code womwe ukudya?

Mai_Terminal
Choyamba, fayilo ya xlsx ndi zip yokhala ndi XML mkati, ndiye 140 MB ndi yopanikizidwa. Ikamasulidwa imakula kangapo. Chachiwiri, read_excel ya pandas imawerenga xlsx kudzera pa openpyxl, ndipo selo iliyonse imayamba yakhala object ya Python isanalowe mu DataFrame. Chachitatu, mizati ya mawu, monga maina a makalabu ndi midzi, imadya kwambiri ikasungidwa ngati object, poti selo iliyonse imaloza ku string yakeyake yomwe ili ndi katundu wake wapamwamba. Itanani memory_usage pa DataFrame yanu mutaika deep=True, apo ayi ikuuzani nambala yochepa yosawerengera ma string enieniwo.

Pofuna mzere wolakwa, Python ili ndi tracemalloc kuyambira 3.4. Mumaiyambitsa kumayambiriro kwa script, n'kutenga snapshot pomwe mukukayikira, ndipo imakuonetsani mizere yomwe yapempha memory yambiri. Imachedwetsa pulogalamu, ndiye ndi ya poyeza basi. Njira ina yophweka ndi psutil: mukamaliza fayilo iliyonse, lembani rss ya process yanu. Ikamakwera fayilo ndi fayilo osatsika, ndiye kuti mukusunga zonse penapake.

Pa nthawi, gwiritsani ntchito time.perf_counter pa nthawi ya wotchi ndi time.process_time pa nthawi ya CPU. Zonse zinabwera mu Python 3.3. Mukapeza maphunziro akale onena za time.clock, dziwani kuti inachotsedwa mu 3.8.

Tsabola_Dev
Pa psutil samalani ndi cpu_percent. Mukaiitana koyamba popanda interval imabweza 0.0, chifukwa ilibe chiwerengero chakale choyerekezera. Itanani kamodzi n'kutaya yankho, kapena mupatse interval ya sekondi imodzi. Komanso ngati mukufuna kuona pomwe CPU ikuthera osasintha code, py-spy imalumikizana ndi process yomwe ikuyenda kale, `py-spy top --pid` kenako PID.

Maganizo anga pa 4 GB sanasinthe, koma ngati mwasankha kuyeza, yezani bwino.

mlimi_wa_data
Ndabwera ndi zotsatira. Ndinaika psutil monga mwanenera, mayi, ndipo rss imakwera pa fayilo iliyonse osatsika. Script imawerenga mafayilo onse n'kuwaika mu list, kenako imachita concat. Pa concat pomwepo memory imalumpha ndi pafupifupi 800 MB, chifukwa list yakale ndi DataFrame yatsopano zimakhalapo nthawi imodzi. Pamenepo ndi pomwe seva imafera.

Ndasintha zinthu zitatu. Ndikuwerenga mizati 7 yokha yomwe lipoti limafuna pogwiritsa ntchito usecols, m'malo mwa yonse 31. Maina a makalabu ndi midzi ndawasandutsa category. Ndipo fayilo iliyonse ndikuiwerengetsera payokha n'kusunga zotsatira zake zokha, zomwe ndi mizere yochepa. Tsopano /usr/bin/time ikuonetsa maximum resident set size ya 486000 kbytes, ndipo pa seva yatha mu mphindi 5 ndi masekondi 40. User ndi system pamodzi ndi pafupifupi yofanana ndi elapsed, ndiye ndikuona kuti nthawi yonse ikuthera pa kumasula Excel.

ndirande_admin
Ndi zimenezo. Pitani nazo kwa abwana manambala awiriwo, akale ndi atsopano.

wa_ku_Joni
Swap muikebe, achimwene. Tsiku lina wina adzatumiza fayilo imodzi yaikulu kuposa onse.

gogo_unix
Akunena zoona a ku Joni, ndipo chimake chanu tsopano chikudalira fayilo yaikulu koposa, osati chiwerengero cha mafayilo. Yesani ndi fayilo yaikulu kawiri kuposa yomwe muli nayo muone kuti ifika pati.

Ndikuonanso kuti core yachiwiri ikungokhala, ndiye mudzafuna kugwiritsa ntchito multiprocessing kuti mafayilo awiri aziwerengedwa nthawi imodzi. Mukatero, nambala ya /usr/bin/time musaikhulupirirenso monga kale. Nthawi ya CPU imaphatikiza ya ana onse, kutanthauza ma process omwe pulogalamu yatsegula, amene kholo lawadikira, koma maximum resident set size imangotenga ya process imodzi yaikulu koposa, osati onse pamodzi. Ana awiri a 480 MB aliyense adzaoneka ngati 480 pomwe seva ikupereka pafupifupi kawiri.

mlimi_wa_data
Ndimaganiza zomwezo agogo, zogawa mafayilo pa ma core awiri. Ndiye pamenepo ndiyeza ndi chiyani?

NyasaRoot
Ndi cgroup, yomwe imawerengera gulu lonse la ma process pamodzi. Njira yachidule ndi `sudo systemd-run --scope -p MemoryMax=1200M python3 lipoti.py`. Pulogalamu ndi ana ake onse amalowa mu gulu limodzi, ndipo akapitirira 1200 MB kernel imapha mkati mwa gululo basi, database ndi ssh zanu n'kutsala zamoyo. Ikuyenda, tsegulani `systemd-cgtop` pa terminal ina muone CPU ndi memory za gululo. Mu foda ya gululo pansi pa /sys/fs/cgroup muli memory.current, ndipo ngati kernel yanu ndi 5.19 kapena yatsopano kuposa pamenepo mulinso memory.peak. Onani ndi `uname -r`. Dziwani kuti manambala a cgroup amaphatikizapo cache ya mafayilo omwe gululo lawerenga, ndiye adzakhala okwererapo kuposa RES. Mukafuna memory ya pulogalamu yokha, werengani mzere wa anon mu memory.stat.

kamnyamata_ka_Zomba
Ndayesa resource.getrusage pa MacBook ya mnzanga, ru_maxrss yatuluka 52 miliyoni pa script yaing'ono. Ndiye kuti yadya 52 GB?

Mai_Terminal
Ayi, pa macOS ru_maxrss imabwera mu ma byte, pomwe pa Linux imabwera mu ma kilobyte. Yanuyo ndi pafupifupi 50 MB. Ngati script izigwira pa makina onse awiri, yang'anani sys.platform musanagawe nambalayo.